Khadi la banki ndi madola a m'thumba mu Harare: zokonza musanakwere basi ndiponso mukafika

Mukatsika basi pa siteji ya Roadport mu Harare mutachokera ku Blantyre, ndalama yoyamba kuifuna ndi dola imodzi yapepala. Wonyamula katundu akufuna dola, kombi (minibasi) yopita ku Highfield kapena ku Mufakose ikufuna dola, madzi akumwa ndi buledi chimodzimodzi. Khadi la Visa lomwe lili m'chikwama silingalipire chilichonse mwa izi, ndipo $100 yatsopano nayo ndi yosathandiza, chifukwa pa siteji ya basi palibe amene angakubwezereni $99. Mzinda uno umayenda ndi madola ang'onoang'ono a ku America. Khadi ndi lofunika, koma ntchito yake ndi kukutapirani madolawo pa ATM ndi kulipira m'masitolo akuluakulu basi.

Anthu kuno sadayambe kukonda ndalama yogwira m'manja mwachibwana. Dziko la Zimbabwe lidayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America mu 2009 ndalama yawo itatheratu mphamvu. Mu 2016 kudabwera ma bond note, mapepala a ndalama omwe boma linkati ndi ofanana mphamvu ndi dola, ndipo mu Febuluwale 2019 ndalama zomwe anthu ankaziyesa madola m'maakaunti mwawo zidasandutsidwa ndalama ya m'dziko momwemo yotchedwa madola a RTGS, omwe sadachedwe kugwa. Mu Epulo 2024 banki yaikulu ya dzikoli idatulutsa ndalama yatsopano yotchedwa ZiG pa mtengo wa 13.56 pa dola imodzi. Pofika kumapeto kwa Sepitembala chaka chomwecho, tsiku limodzi lokha, mtengowo udalumpha kupitirira 24. Wogulitsa tomato pa msika waukulu wa Mbare Musika adaziona zonsezi, ndipo kwa iye fodya wake ndi amene ali pamphuno. Lamulo likulola madola a ku America kugwira ntchito limodzi ndi ZiG mpaka 2030, choncho lendi, mafuta a galimoto, mankhwala ndi katundu wa pikulitsa, zambiri zimatchulidwa mtengo m'madola.

Ku banki kwanu, kusanatsale masiku ochepa

Khadi la ku Malawi likakanidwa mu Harare, nthawi zambiri vuto silikhala la makina a kuno koma la kumudzi. Akaunti yanu ili m'makwacha. Mukatapa $200 kuno, banki yanu iyenera kupeza madola 200 enieni oti ibweze kudzera ku Visa kapena Mastercard. Ndalama zakunja zakhala zikusowa ku Malawi kwa zaka zingapo, n'chifukwa chake kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabanki amaika malire pa ndalama zomwe khadi lingatulutse kunja kwa dziko. Malirewo amasiyana banki ndi banki, ndipo amasintha. Mutha kukhala ndi mamiliyoni m'akaunti koma khadi n'kukana kulipira chipinda cha $40.

Ndiye pitani nokha ku nthambi yanu kutatsala sabata ziwiri, mutatenga pasipoti ndi tikiti. Funsani ngati khadi lanu lidatsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja, popeza ambiri amakhala otsekedwa mpaka mwini atapempha. Funsani malire atatu padera: otapa pa ATM pa tsiku, olipira pa makina a m'sitolo, ndi a mwezi wonse. Funsaninso kuti amadula zingati pa kutapa kulikonse kunja, ndi peresenti yomwe amawonjezera posintha kwacha kukhala dola. Auzeni masiku a ulendo ndi mayiko odutsamo, Mozambique yomwe, kuti kompyuta yawo isaganize kuti khadi labedwa. Onani tsiku lothera ntchito lomwe lidalembedwa pa khadipo. Ndipo lembani papepala nambala yafoni ya bankiyo yoyamba ndi +265, chifukwa timanambala tatifupi taulere tija sitiimbika muli kunja.

Nkhani ya nambala yafoni ambiri amaiphonya. Mabanki amatumiza nambala yachinsinsi ya kamodzi, OTP, ku nambala yanu ya Airtel kapena TNM mukamalipira pa intaneti kapena mukamalowa mu app pa foni yatsopano. Mukachotsa simukhadi ya ku Malawi n'kuika ya Econet, mauthengawo safika. Tsegulitsani roaming musanadutse Mwanza, siyanimo mayunitsi pang'ono, ndipo ngati foni yanu imalowa simukhadi ziwiri, ya kumudzi ikhalemo nthawi zonse. Ngati banki imalola kulandira OTP pa imelo, sinthirani komweko muli ku nthambi. Airtel Money ndi Mpamba zikuthandizani kulipira magetsi ndi fizi kumudzi, koma pa kauntala ya sitolo mu Harare sizilandiridwa.

Chinanso: dzina lofanana lisakupusitseni. First Capital Bank ya mu Harare, yomwe kale inali Barclays, idagulidwa mu 2017 ndi gulu lomwe lidayambira ku Blantyre. Stanbic ndi ya banja limodzi ndi Standard Bank ya ku Malawi. Ecobank ili m'mayiko onse awiri. Koma iliyonse ndi banki yoima payokha pansi pa malamulo a dziko lake. Wa pa kauntala mu Harare sangaone akaunti yanu ya ku Limbe, sangatsegule khadi lotsekedwa, ndipo kwa iye khadi lanu ndi lakunja monga ena onse.

Madola apepala: mtundu wake ndi kuchuluka kwake

Gulani madola ku banki kapena ku bureau yovomerezeka, ndipo lisiti lake mulipinde m'pasipoti. Ndi umboni wanu pa chipata akakufunsani komwe mwazitenga. Yambani kupempha msanga, chifukwa sapezeka tsiku lomwe mwawafuna.

Pomwe mungasankhe, sankhani ang'onoang'ono. Wokhala sabata imodzi angafune mapepala a $1 okwana 20, a $5 asanu ndi limodzi, a $10 asanu, zotsalazo zikhale za $20. Ma $50 ndi ma $100 ndi olipirira lendi, chipatala, kapena katundu wambiri pa sitolo ya pikulitsa. Mukalephera kupeza ang'onoang'ono, phwanyani $100 mu supamaketi yaikulu monga TM Pick n Pay, OK kapena Spar masana, m'kabati mutalowa kale ndalama, ndipo funsani kaye musanayambe kulipira ngati chenje chikhala cha madola. M'mawa kwambiri adzakuuzani kuti alibe. Musadabwe mukapatsidwa pepala la $2; kuno limayenda kwambiri ndipo ndi lenileni.

Pali chodabwitsa chimodzi chomwe muyenera kuchizolowera. Dola imodzi yakuda bii, yofewa ngati kansalu, imalandiridwa mu kombi popanda mawu, koma $50 kapena $100 yong'ambika pang'ono pakona, yolembedwa ndi bolopeni kapena yomatidwa ndi selotepi imakanidwa. Ma $100 akale a mutu waung'ono nawo ambiri sawafuna, ngakhale boma la America limati ndi ndalamabe. Wamalonda amaopa kuti naye akamukanira komwe akukapikula. Choncho pepala lililonse lalikulu liyang'aneni mbali zonse musanachoke pa kauntala, ndipo lowonongeka libwezeni pomwepo. Mukatuluka nalo pakhomo, lasanduka lanu.

Kuzindikira $100 yabodza sikufuna makina. Yatsopano, yomwe idayamba kuyenda mu 2013, ili ndi kalamba ka buluu kolukidwa m'pepala momwemo, ndipo mukaipendeketsa timabelu ndi ma 100 a m'kalambako amasuntha. Nambala 100 ya pansi kumanja imasintha mtundu kuchoka ku wa kopa kupita ku wobiriwira. Mukaiunika padzuwa, kumanja kumaoneka nkhope ina yofanana ndi ya Benjamin Franklin yomwe ili pakati. Akuba ena amachapa pepala la ndalama yaing'ono n'kudindapo 100, ndipo apa ndi pomwe amagwidwira, chifukwa chithunzi chobisikacho sichigwirizana. Chala chikadutsa paphewa la Franklin pamamveka kukhakhala.

Pa msewu wa Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano mpaka Nyamapanda musadalire ATM. Kwacha ikadutsa Zobue mphamvu zake zatha, ndiye tengani ma meticais ochepa ogulira chakudya ndi madola ang'onoang'ono m'thumba lapadera, kuti musamatulutse mpukutu wonse pagulu. Pa Nyamapanda, kapena pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, ngati mwanyamula ndalama zambiri zilembetseni pa Form 47 ya ZIMRA, bungwe lotolera misonkho la Zimbabwe, ndipo sungani pepala lodindidwalo. Kulowa ndi madola sikuletsedwa. Malire ali potuluka nawo, ndipo boma lawasinthapo kangapo. Pepala lija ndi lomwe lidzasonyeze kuti ndalama zomwe mukubwerera nazo mudalowa nazo nokha.

Pa ATM ndi pa makina oswaipira

ATM yolandira khadi lakunja imakhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard. Yomwe ili ndi chizindikiro cha Zimswitch chokha ndi ya makhadi a m'dziko muno. Sankhani ATM ya pa nthambi ya banki, nthawi yomwe nthambiyo ili yotsegula, m'malo olondedwa monga Avondale, Sam Levy's Village ku Borrowdale, Westgate kapena m'nthambi za mu Samora Machel Avenue. Chifukwa chake n'chakuti magetsi amazimazima ndipo netiweki imaduka. Makina akameza khadi Lachiwiri m'mawa mumalowa m'kati ndi pasipoti n'kulankhula ndi munthu, koma akameza Loweruka madzulo mudikira Lolemba.

Kutapa kulikonse kumadulidwa kawiri kapena katatu: mwini ATM amatenga yake, banki yanu imatenga yake, ndipo posintha ndalama pamakhala peresenti ina. Zina mwa izi sizitengera kuchuluka kwa zomwe mwatapa. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi $5 pa ulendo umodzi: mukatapa $50 mwataya 10 peresenti, mukatapa $300 simudafike ndi 2 peresenti yomwe. Ndiye ndi bwino kutapa kamodzi zokwanira masiku angapo kusiyana ndi kupitako tsiku ndi tsiku, malinga ngati malire a banki yanu akulola. Lembani chiwerengero chosathera pa handiredi, monga $190 m'malo mwa $200, kuti makina akakamizike kutulutsako mapepala ang'onoang'ono. Makina akakana, yesani chiwerengero chocheperapo musanaganize kuti khadi lafa, popeza ATM nayo ili ndi malire ake. Koma PIN mukalakwitsa kawiri, imani; kachitatu khadi limatsekedwa, ndipo wolitsegula ali ku Malawi.

M'sitolo, mawu omwe mumve ndi akuti swipe. Pa kauntala imodzi pamatha kukhala makina awiri kapena atatu: a ZiG, a madola a m'maakaunti a kuno omwe amawatcha nostro, ndi olandira makhadi akunja. Musanapereke khadi nenani kuti ndi Visa yakunja ndipo mukulipira m'madola. Yang'anani pa sikirini kuti palembedwa USD ndi chiwerengero cholondola musanalowetse PIN. Khadi lisachoke pamaso panu. Ku lesitilanti, makina abwere pa tebulo kapena inu mupite pomwe ali. Ngati makina akupatsani mwayi wolipira mu ndalama ya dziko lomwe khadi lidachokera, monga randi kwa amene ali ndi khadi la ku Joni, kanani n'kusankha madola, chifukwa mtengo wosinthira wa makinawo umakhala wokwera kuposa wa banki yanu.

Chomwe chimapweteka kwambiri ndi ichi: makina alemba kuti zakanika, koma foni yalira kuti ndalama zachoka. Zimachitika netiweki ikaduka banki yanu itavomera kale koma yankho lisanafike pa makina a m'sitolo. Musaswaipenso kachiwiri ndi kachitatu, mungadulidwe katatu. Tengani kalisiti kolembedwa kuti zakanika, kajambuleni pa foni chifukwa inki yake imafufutika msanga, lipirani ndi madola a m'thumba, ndipo sungani malisiti onse awiri. Kawirikawiri ndalamazo zimabwerera zokha pakapita masiku angapo. Zikapanda kubwerera, dandaulo limapita ku banki yomwe idakupatsani khadi, osati kwa mwini sitolo, ndipo adzafuna tsiku, nthawi, chiwerengero ndi malisiti aja. ATM ikadula koma osatulutsa ndalama, njira ndi yomweyo. Ku hotela ndi kobwereka galimoto amatsekereza ndalama ina pa khadi ngati chikole, ndipo imatha kutenga sabata kapena kuposerapo isanamasulidwe. Pa khadi la malire ochepa, chikole chimenechi chingakutsekereni mwezi wonse, ndiye pemphani kupereka chikolecho m'madola apepala n'kulandira lisiti.

ZiG, chenje ndi osintha a mumsewu

Mlendo wa masiku ochepa safunika kugula ZiG. Idzamupeza yokha ngati chenje, popeza masenti a ku America sayenda kuno. Kombi ya mtunda waufupi imatha kukhala 50 cents, n'kukwera kufika dola madzulo kapena mvula ikagwa, ndipo kondakitala akasowa chenje amatha kukukwatitsani ndi wokwera mnzanu: akupatsani dola imodzi anthu awiri kuti mukagawane nokha mukatsika. M'masitolo ena amabweza ndi maswiti kapena kapepala koti mudzagulire tsiku lina pa sitolo yomweyo. ZiG yomwe mwalandira igwiritseni ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake pa kombi ndi pa msika. Mtengo ukalembedwa mu ZiG, funsani reti ya sitoloyo n'kugawa nokha: pa reti ya 27, chinthu cha ZiG135 ndi $5. Reti ya sitolo, ya banki ndi ya pa msika sizifanana nthawi zonse.

Pafupi ndi Roadport, Eastgate ndi Copacabana mudzamva anthu akunong'oneza kuti asinthe ndalama. Kusintha mumsewu ndi mlandu, ndipo ZiG itangotuluka mu 2024 apolisi adamanga ambiri. Kupatula apolisi, pali ukathyali wake: mpukutu wopindidwa pakati kuti uwerengeke kawiri, pepala labodza pakati pa enieni, kapena wina kufuula kuti apolisi akubwera inu mutapereka kale zanu. Chomwe mungapindule pa reti n'chochepa poyerekeza ndi zimenezi. Makwachanso musabwere nawo ambiri poganiza kuti mudzasintha kuno. Mabanki a mu Harare sachita nawo malonda.

Kwa okhazikika

Amene mwabwera kudzagwira ntchito, kuphunzira kapena kukhala ndi abale ku Mbare, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa kapena Epworth, yambani ndi simukhadi ya kuno yolembetsedwa m'dzina lanu ndi pasipoti yanu, osati ya mlamu. Ndalama za pa foni zimatsata dzina lomwe lidalembetsa nambala, ndipo foni ikabedwa amabwezera mwini dzinalo. EcoCash ya Econet, yomwe idayamba mu 2011, ndiyo yofala. Ili ndi zikwama ziwiri zosiyana, cha ZiG ndi cha madola, ndiye potumiza onetsetsani chomwe mwasankha. Palinso OneMoney ya NetOne, O'mari ya Old Mutual, ndi InnBucks yomwe mumaika ndi kutapa madola pa makauntala a Chicken Inn ndi masitolo anzake. Kutumiza ndalama pa foni kapena pa khadi la kuno kuli ndi msonkho wa boma wotchedwa IMTT, womwe udakhazikitsidwa pa 2 peresenti mu Okutobala 2018. Wonjezerani apo zomwe kampani imadula potumiza ndi potapa, mudzaona chifukwa chomwe eni nyumba ambiri amafunira lendi yapamanja. Mukalipira pamanja, mwini nyumba asaine m'kabuku mwezi ndi mwezi.

Wogulitsa malonda asakhulupirire uthenga womwe kasitomala akumuonetsa pa foni yake. Mauthenga abodza a EcoCash alipo, monga momwe aliri a Airtel Money kumudzi. Onani balansi pa foni yanu musanapereke katundu, ndipo PIN kapena OTP musauze munthu woimba foni, ngakhale atanena kuti ndi wa ku banki.

Kutsegula akaunti ya nostro kumafuna pasipoti, chilolezo chokhalira kapena chogwirira ntchito, zithunzi, umboni wa komwe mukukhala monga bilu ya madzi kapena kalata yolumbirira ya mwini nyumba, ndipo nthawi zambiri kalata ya abwana kapena ya sukulu. Funsani zomwe amadula pa mwezi ndi potapa, chifukwa pa malipiro ochepa zimaluma. Funsaninso ngati khadi lawo ndi la Zimswitch lokha kapena lili ndi Visa kapena Mastercard. La Zimswitch lokha silidzagwira ntchito mukapita kumudzi pa Khirisimasi. Ana ndi adzukulu a makolo omwe adachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ambiri mwa iwo adatsalira pa nkhani ya mabanki chifukwa cha zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye akukhala momwemo, ndi nzika yobadwa. Kukonzetsa chitupa ku ofesi ya kalembera kumatsegula zonse ziwiri, akaunti ndi nambala yafoni ya dzina lanu.

Polandira ndalama zochokera kwa abale ku South Africa kapena ku UK, Mukuru, Western Union, MoneyGram ndi WorldRemit zimapereka madola apepala. Wotumiza alembe dzina lanu ndendende monga lilili m'pasipoti. Chikondi akalembedwa Chikonde, kapena dzina la pakati likasowa, pa windo adzakubwezani. Tengani chitupa chenicheni ndi nambala ya ndalamazo, yomwe ku Western Union imakhala ya manambala 10. Werengani ndi kuyang'ana pepala lililonse muli pa windo pomwepo, bisani musanatuluke, ndipo musakwere mushikashika, kagalimoto konyamula anthu popanda chilolezo, woima pakhomo pomwepo. Potumiza kumudzi, musangofunsa zomwe akudula. Funsani kuti amayi akalandira makwacha angati pa $100, chifukwa kusiyana kwenikweni kumabisala mu reti. Kupatsira kondakitala wa basi envelopu kulibe lisiti ndipo kulibe kodandaula ikasowa.

Ndalama musaziike pamodzi. Za tsikulo zikhale m'thumba lakutsogolo, zina m'lamba wa m'kati mwa zovala, khadi lachiwiri ndi fotokope ya pasipoti zitsale komwe mukugona. Pa Mbare Musika, Mupedzanhamo ndi Gulf Complex, komwe anthu amapanikizana, opisa m'matumba amayang'ana komwe dzanja lanu labwerera mukalipira. Khadi likasowa, litsekeni pa app nthawi yomweyo kapena imbani nambala ya +265 ija, kenako kanenani kupolisi n'kutenga lipoti, lomwe banki idzalifuna, ndiponso ofesi ya kazembe wa Malawi mu Harare ngati pasipoti yapita limodzi.

Tsiku lobwerera, ZiG yotsala ithereni pa buledi, madzi ndi kombi yopita ku Roadport, chifukwa kuseri kwa Nyamapanda palibe woilandira. Form 47 yodindidwa ija ikhale m'pasipoti pamodzi ndi malisiti a ku ATM. Siyani madola asanu kapena khumi a $1 ogulira chakudya pa Tete, ndi makwacha okwanira minibasi ndi mayunitsi mukangodutsa pa Mwanza.